Kanema wa m'Sukulu za ku Migodi

Mwa zipangizo zonse zimene zalowa m'sukulu zathu, palibe cina cimene ana acikonda koposa kanema. Buku liri ndi adani ake, coko ndi bolodi nazonso sizisowa ozida, koma mphunzitsi akangoti lero tiona zithunzi, ngakhale mwana uja wozolowera kusinza ku mpando wakumbuyo adzidzimuka nakhala tsonga. M'sukulu za ku Parklands, mu mzinda wa Kitwe, mphunzitsi wa Jogalafe kapena wa Sayansi masiku ano sayembekezanso galimoto la Boma lonyamula makina ndi nsalu yoyera monga kale. Iye atenga zithunzi pa intaneti, naziika pa kompyuta kapena pa foni, ana namuunjirira. Cinthu cokondedwa cotere ciyenera kufunsidwa mafunso, pakuti cakudya cokoma ndico cimene munthu ameza osatafuna. Funso langa ndi ili: kodi mwana akatha kuona kanemayo natuluka pabwalo, aona dziko lake bwino koposa kale, kapena aliona ngati malo opanda kanthu kophunzira?

Nkhani imeneyi siinayambe dzulo ai, ndipo mbeu yake inafesedwa kuno ku Migodi. M'caka ca 1932 bungwe la mamishoni la International Missionary Council linatuma J. Merle Davis, wa ku America, pamodzi ndi anzake kudzaona m'mene migodi ya mkuwa inali kusinthira moyo wa anthu akuda. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1933 m'buku lochedwa Modern Industry and the African. Davis anada nkhawa poona kuti anyamata a ku migodi ndi makolo ao a kumudzi anali kutalikirana m'maganizo, ndipo anayesa kuti kanema angathe kuthandiza. Kucokera pamenepo panabadwa Bantu Educational Kinema Experiment, nchito imene inayenda kuyambira 1935 kufikira 1937 ndi ndalama za Carnegie Corporation. Oiyendetsa anali Major L. A. Notcutt ndi G. C. Latham, amene kale anali mkulu woyang'anira maphunziro a anthu akuda mu Northern Rhodesia. Iwo anamanga msasa ku Vugiri, m'mapiri a ku Tanganyika, najambula makanema 35, ndipo anayenda nao pa lole kufikira ku Nyasaland ndi kwathu kuno. Nkhani zake zinali za kukokoloka kwa nthaka, malungo, njoka za m'mimba, kukonza zikopa, msonkho ndi kusunga ndalama ku Positi.

Pa cinthu cimodzi anthu amenewa ayenera kutamandidwa. Mau ofotokoza zithunzi sanawaike pa filimu, koma pa mbale za galamafoni, kuti kanema mmodzi yemweyo athe kulankhula zinenero zosiyanasiyana monga mwa dziko limene wafika. Anadziwa kuti cithunzi copanda mau omveka kwa woona ndi cakudya ca maso cabe. Koma atamva bwino za cinenero, za munthu wolankhula cinenerocotu sanazimve. Anapanga makanema ao ngati munthu wophikira wodwala phala, namcepetsera zonse kuti angatsamwe.

Mtima womwewo unapitirira mu Central African Film Unit, imene inakhazikitsidwa ku Salisbury mu 1948 kuti itumikire Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo inagwira nchito mpaka 1963, pamene Citaganya cinatha. Alan Izod ndi Stephen Peet, amene anaitsogolera poyamba, anali amisiri odziwa nchito yao, ndipo zithunzi zao zambiri zinali za maonekedwe okongola. Koma nthano imene anaikonda koposa inali ya anthu awiri, wanzeru ndi wopusa. Mu The Two Farmers mlimi wina amvera mlangizi wa Boma nalemera, mnzake anyalanyaza nasauka. Mu Mulenga Goes to Town mnyamata wa kumudzi apita ku tauni, apusitsidwa, nabwerera kwao manja ali m'khosi. Tsono taonani bvuto la nthano yotere pophunzitsa Sayansi. Imauza woona coti acite, koma siimuuza cifukwa cake. Mlimi auzidwa kuti aunde mizere yopingasa phiri. Saonetsedwa m'mene dontho la mvula limenyera dothi, kapena m'mene madzi othamanga anyamulira nthaka yocuruka koposa madzi oyenda pang'onopang'ono. Wanzeru m'kanemayo ndiye womvera, wopusa ndiye wofunsa. Komatu Sayansi yonse inamangidwa ndi anthu ofunsa.

Pali kankhani kena kamene Azungu a nchito imeneyi anali kusimbirana kawirikawiri. Akuti kanema wa malungo ataonetsa udzudzu wokuzidwa mpaka kudzaza nsalu yonse, anthu a m'mudzi anati kwathu kuno kulibe udzudzu waukulu cotere, motero nkhaniyi siitikhudza. Kankhani aka kanamveka m'maiko ambiri, aliyense nanena kuti kanacitika kwa iye kapena kwa mnzake, ndipo James Burns, amene analemba mbiri ya kanema wa ku Southern Rhodesia m'buku lake Flickering Shadows la mu 2002, akaika pamodzi ndi nthano zina zimene atsamunda anali kudzisangalatsa nazo. Koma tiyerekeze kuti kanacitikadi. Wolakwa ndani? Munthu woona cinthu nafunsa za msinkhu wake wafunsa funso loyenera. Wojambula akadayamba ndi kuonetsa udzudzu uli pa mkono wa munthu, kenaka nausendeza pafupi pang'onopang'ono, palibe akadasokonezeka. Ndipo anthu a ku Migodi sanali alendo kwa kanema. Hortense Powdermaker, amene anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, anapeza anthu a m'komboni akudzaza bwalo la baisikopo sabata ndi sabata, akutsata nkhani za makauboi mwacangu, napfuulira ngwazi yao imene anali kuichula Jack. Anthu otha kutsata akavalo othamanga ndi mfuti zolira sakanalephera kutsata moyo wa udzudzu.

Kucepsa woona ndi colakwa coyamba. Caciwiri ncobisika koposa, ndipo ndico cikhalirebe mpaka lero: kanema asankha cimene diso liyenera kuona, ndipo cimene wacisiya kunja, mwana sadziwa kuti cinalipo. Citsanzo coposa zonse ndi Kariba, damu limene magetsi ake anadza kudzayendetsa migodi yathu yino. Khoma lake litatsekedwa kumapeto kwa 1958, madzi a Zambezi anayamba kukwera, nyama nizitsekerezedwa pa zisumbu. Nchito yozipulumutsa, yochedwa Operation Noah, imene Rupert Fothergill anachuka nayo, inaombola nyama pafupifupi 6,000, ndipo zithunzi zake zinazungulira dziko lonse lapansi: amuna m'mabwato akugwira agwape osambira, zipembere zogonekedwa ndi mankhwala, zingwe zolukidwa ndi masokosi a nailoni a akazi kuti zisaceke miyendo ya nyama. Ndi zithunzi zogwira mtima, ndipo nchitoyo inali yabwino. Koma m'cigwa comweco munali Atonga pafupifupi 57,000, a tsidya lino ndi tsidya lija, amene anasamutsidwa kusiya minda yao ya m'mbali mwa mtsinje ndi manda a makolo ao. Mu September 1958, pa mudzi wa Chisamu m'dziko la Mfumu Chipepo, apolisi anaombera anthu okana kusamukira ku Lusitu, ndipo 8 anafa. Izi sizinapatsidwe malo onga a agwape aja. Wofuna kuzidziwa anayenera kudikira mabuku, monga la Elizabeth Colson la mu 1971. Mwana wophunzira Kariba pa zithunzi zokha akadatuluka m'kalasi akudziwa za cipembere, osadziwa kuti nyale ya m'kalasimo inagulidwa ndi minda ya anthu ena. Jogalafe yotere ndi ya theka, pakuti phunziroli liri la dziko pamodzi ndi anthu okhalamo.

Wailesi ya kanema m'dziko lino inayambira mu Kitwe momwemuno, mu December 1961, pansi pa kampani ya Rhodesia Television. Oonera ake oyamba anali makamaka Azungu a m'nyumba za ku Parklands, Riverside ndi malo ena otere. Ku Wusakile, Chamboli ndi Buchi anthu anali adakali ndi baisikopo ya pabwalo ndi wailesi ya mau. Ufulu utabwera mu 1964, Boma latsopano linaona mwai, ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 1960 linayamba kuulutsa maphunziro a sukulu pa wailesi ya kanema kucokera ku Kitwe. Colinga cinali cabwino, popeza sukulu zinali kucuruka msanga koposa aphunzitsi. Koma kanemayo anafika kokha kumene kunali magetsi ndi mlongoti wapafupi, ndiko kuti m'mizinda ya m'mbali mwa njanji, ndipo analankhula Cingerezi, cimene lamulo la maphunziro la mu 1966 linaciika kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira kalasi loyamba. Nzeru ija ya mbale za galamafoni inaiwalika. Poyerekeza, wailesi ya mau ya ku Lusaka, imene inafalikira ndi kawailesi kochipa ka Saucepan Special kuyambira 1949, inalowa m'mitima ya anthu cifukwa inalankhula Cinyanja, Cibemba ndi Citonga, ndi mau a anthu ao monga Alick Nkhata.

Mu 2020, pamene sukulu zinatsekedwa mu March cifukwa ca mliri wa Covid-19, ZNBC ndi Unduna wa Maphunziro anatsegula njira yapadera ya maphunziro pa wailesi ya kanema, ndipo Netflix inaika makanema a Our Planet pa YouTube kuti aonedwe kwaulere. Za maphunziro a pa nthawi ya tsoka sindinena zambiri; anathandiza amene anatha kuwafikira. Ndingonena kuti kujambula mphunzitsi ali ciriri pa bolodi sikupanga kanema wophunzitsa. Ndi kalasi lomwe lija, kungoti mwana sangathe kukweza dzanja.

Tsono tifike pa makanema amene aphunzitsi ambiri awasankha lero, ndiwo a cilengedwe opangidwa ndi BBC ndi ena otere, ambiri mwa iwo olankhulidwa ndi David Attenborough. Ndinene poyera kuti awa ndi makanema okoma ndithu, ndipo colakwa coyamba cija alibe. Sacepsa woona. Afotokoza zifukwa, aonetsa cinthu ciri kucitika, ndipo zina zimene aonetsa palibe mphunzitsi angazijambule ndi coko. Mu Life, wa mu 2009, muli mileme ya ku Kasanka, imene isonkhana mamiliyoni angapo m'kankhalango kakang'ono kuyambira kumapeto kwa October mpaka December, nthawi imene masuku ndi zipatso zina zapsa. Ana ambiri a ku Kitwe sadzafika ku Kasanka, ngakhale kuli m'dziko lao lomwe, ndipo kuona thambo likuda ndi mapiko madzulo ndi mphatso yeniyeni. Mu Africa, wa mu 2013, muli mbalame ya m'madambo a Bangweulu yochedwa shoebill, ya mlomo wonga nsapato, ndi anapiye ake awiri, wamkulu akuzunza wamng'ono pamene make wapita kukatunga madzi. Mwana woona zimenezo saiwala kuti cilengedwe sicidziwa cifundo monga ticidziwira ife.

Komabe colakwa caciwiri cija ciripo, cangobvala malaya okongola. M'makanema ambiri otere Afirika ndi dziko la nyama lopanda anthu. Madambo a Bangweulu ali ndi asodzi zikwizikwi, ndipo ena mwa iwo alembedwa nchito yolonda zisa za mbalame yomweyo, koma nkhani yeniyeni ya kanema iwasiya kunja. Anthu akaoneka, kawirikawiri ndi m'kacigawo ka kumapeto kosimba mabvuto a ojambula. Mwana wa ku Parklands, amene pa zenera la kalasi aona misewu, mipanda ndi macumuni a mgodi wa Nkana, aphunzira mosauzidwa kuti cilengedwe ndi cinthu cokhala kutali, kumene kupita alendo a ndalama, ndi kuti kwao kulibe.

Palinso bvuto la liwiro. Ojambula adikira miyezi kuti apeze zimene ife tiziona m'mphindi zitatu. Kudikirako akucotsa, natipatsa zokoma zokhazokha, nyimbo zikulira kutiuza pamene tiyenera kucita mantha ndi pamene tiyenera kumva cisoni. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mau amenewo ndiwo ciyambi ca Sayansi ya zamoyo. Mwana wozolowera kuona mkango ukugwira njati mphindi iriyonse, mukamuika pa culu kuti ayang'ane ciswe kwa theka la ora, adzati palibe cimene cikucitika.

Komatu pa culu pomwepo pali phunziro loposa la mkango. Zulu za ku Migodi ndi zazikulu kotero kuti zina zipambana nyumba, mitengo nimera pamwamba pake. M'kati mwa zulu zotere ciswe cimalima. Cimatafuna udzu ndi timitengo, ciumba tizisa, ndipo pa tizisato cimeretsa nkhungu imene isandutsa zoumazo cakudya. Mvula ikagwa nkhungu ija itulutsa bowa umene amai agulitsa m'mbali mwa msewu wa ku Ndola. Mtundu wina, umene Abemba auchula icikolowa, cipewa cake cifika pafupifupi mita yathunthu m'mimba mwake, ndipo uwerengedwa kukhala waukulu koposa bowa wonse wodyedwa. Anthu audya kuyambira kalekale, koma akatswiri anaupatsa dzina lao, Termitomyces titanicus, mu 1980 mokha, pamene Pegler ndi Piearce analemba za bowa wa m'Zambia. Mwana amene amai ake adziwa culu cimene cimera bowa ndi mwezi umene umera, ali ndi mphunzitsi wa Sayansi m'nyumba, koma kanema sanamuuzepo zimenezo.

Cimodzimodzi kaduwa kamene ofufuza miyala akachula duwa la mkuwa, kamene kamera pa nthaka ya mkuwa wambiri pamene zomera zina zilephera, kotero kuti kanali kuwalozera pokumba. Cimodzimodzi phiri lakuda la ku Wusakile, lochedwa Black Mountain, limene siliri phiri lolengedwa ai, koma mulu wa zotsalira za ng'anjo ya Nkana za zaka zambiri. M'menemo mudatsala mkuwa ndi kobati, ndiye cifukwa cake anyamata alikumba, ndipo mu June 2018 mbali yake ina inagumuka ndi kupha anthu osacepera 10. Pa mulu umodzi umenewo pali phunziro la miyala, la kusungunula zitsulo, la malonda a maiko ndi la umphawi.

Koposa zonsezi pali Kafue. Mtsinje uwu uyambira kufupi ndi malire a Congo, pa mtunda umene ugawa madzi opita ku mtsinje wa Congo ndi opita ku Zambezi. Upyola pakati pa mizinda ya migodi, nuyenda pafupifupi makilomita 1,600 usanathire mu Zambezi kufupi ndi Chirundu. Pa 18 February 2025 khoma la dziwe losungira zonyansa za mgodi wa Sino-Metals Leach Zambia ku Chambishi linagumuka, madzi a asidi nalowa mu Mwambashi, kenaka mu Kafue. Nsomba zinafa, minda ya m'mbali inapsa, ndipo madzi a m'mipopi ya mu Kitwe anatsekedwa. Ana a ku Parklands anasenza zigubu masiku amenewo monga anzao a m'makomboni. Ambiri mwa iwo anali ataonapo kanema wa Amazon kapena wa Nile, koma ndi angati akadatha kujambula pa pepala njira imene madziwo anayenda kucokera ku Chambishi kufika pa mpopi wa kwao? Zithunzi za tsokalo zinajambulidwa zambiri, pa mafoni ndi pa nyuzi, ndipo ziripobe. Mphunzitsi woziika pambali pa mapu a mtsinje, pamodzi ndi kapepala koyesera asidi ndi madzi a mandimu, ali ndi phunziro limene BBC siingampangire.

Wina adzati: kodi tileke makanema a kunja, tidikire athu amene kulibe ndalama zowapangira? Iai. Mwana wa ku Kitwe ayenera kuona madzi oundana a ku Antarctica ndi phiri lotulutsa moto, monga mwana wa ku London ayenera kuona Mosi-oa-Tunya. Cimene nditsutsa ndi kanema woonetsedwa kuyambira poyamba mpaka potsiriza, mphunzitsi ali pakhomo kuconga mabuku, belu nilira, ana nabalalika. Pano makanema akale aja, ndi zolakwa zao zonse, ali ndi kanthu kotibwereka. Ambiri a Central African Film Unit a zaka zoyamba anali opanda mau, ndipo pambali pa nsalu panali kuima womasulira wofotokoza m'cinenero ca anthu a pamalopo. Akuluakulu ake anali kudandaula kuti omasulira ena aonjeza zao, koma kuonjezako ndiko kunali kulumikiza cithunzi ndi mudzi. Makina a lero alola zimene womasulira uja sakanatha: kuimitsa cithunzi, kubwerera m'mbuyo, kuzima mau a Attenborough kuti mwana mwini anene cimene aona, m'Cingerezi, m'Cibemba kapena m'Cinyanja ca ana a anthu aja anacokera ku Chipata ndi ku Malawi kudzagwira nchito m'migodi. Mphindi zisanu za mileme ya ku Kasanka zikwanira, ngati funso lotsatira liri lakuti ndani anaonapo mileme m'mitengo ya mango ya kuno, idya ciani, ndipo mbeu za zimene yadya zigwera kuti.

Makalabu a Chongololo, amene bungwe losamala nyama za m'chire linayambitsa m'sukulu za pulaimale kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, anagwira mfundo imeneyi popanda makina ambiri: kamagazini, pulogalamu ya pa wailesi, ndi kutuluka panja kukayang'ana. Dzina lomwelo analitenga kwa bongololo, kacirombo kamene mwana aliyense akapeza pakhomo mvula ikagwa, osati kwa njobvu kapena mkango. Ndipo njira yao siidalira magetsi. M'caka ca 2024, cirala citacepetsa madzi a mu Kariba, magetsi anali kuzima nthawi zina pafupifupi tsiku lonse, makompyuta a m'sukulu nakhala ngati miyala. Cifukwa cimene kanema sanathe kuonetsedwa masiku amenewo cinali mvula yosagwa m'dera lonse limene madzi ake atsikira ku Zambezi, kuyambira ku Angola ndi ku Kalene Hill mpaka ku Gwembe, ndipo aphunzitsi amene anatenga coko najambula mtsinjewo pa bolodi anaphunzitsa Jogalafe ya caka cimeneco.